Maliro a M'katoni ya Saladi

Tasila Miti anatsika basi pa Nyimba atanyamula zinthu ziwiri: buku lalikulu la anatome, ndi katoni ya saladi, mafuta ophikira aja, yomangidwa zolimba ndi zingwe za mphira. Azimayi ogulitsa nthochi anamuthamangira, koma ataona nkhope yake anabwerera okha. Inali nkhope ya munthu amene walephera mayeso ndipo kwawo sanauzepo aliyense.

Chaka chachiwiri cha sukulu ya udokotala chili ndi zilombo zitatu. Pali fiziyoloje, yofotokoza mmene thupi limagwirira ntchito. Pali bayokemisitiri, yolondola kumene chakudya chimapita chikamezedwa. Ndiye pali anatome, imene imafuna kuti udziwe fupa lililonse, mnofu uliwonse ndi mtsempha uliwonse, dzina lake, kwawo ndi anansi ake omwe. Ziwiri zoyambazo Tasila anazigonjetsa ndi njira imene inamutulutsa kumudzi kwawo ku Ndake, njira yoloweza. Mtsikanayu ankameza masamba athunthu n'kukawalavula pa pepala la mayeso osasowa ndi kadontho komwe. Buku lake la anatome analipaka zolembera za mitundumitundu mpaka linafanana ndi chitenje. Koma pa mayeso apakamwa mphunzitsi wina wa imvi anangomuika fupa m'manja n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani. Fupalo linalibe nambala ya tsamba. Tasila analitembenuza, n'kulitembenuzanso, kenako anati ndi la mwendo. Linali la mkono, ndipo analigwira chadodolido.

Anamupatsa mwayi umodzi wobwereza mayesowo, umene ana asukulu amautcha sapu. Akalepheranso, sukulu yathera pomwepo, abwerere kukathyola thonje. Jerry, mnzake wa chaka chomaliza, anamumvera chisoni n'kumupatsa katoni ija. Munali mafupa a munthu, enieni, amene ana asukulu akhala akusiyirana kuyambira kalekale, uyu akatsiriza apatse wina. Jerry anamulangiza kuti atseke buku, agwire fupa ndi manja, atsinzine, kenako alifotokoze mokweza kwa aliyense amene angamve, ngakhale mbuzi. Tasila anathokoza, koma mumtima anati mbuzi sizinalembepo mayeso. Maganizo ake anali okabisa katoniyo kunsi kwa bedi n'kumaisuzumira akatopa ndi buku.

Atate ake, a Lazarous Miti, mkulu wa mpingo amene anachoka ku Katete kutsata nthaka ya thonje, anamuchingamira ndi njinga pomwe minibasi imatsitsira anthu a ku Ndake. Anamanga katoniyo pakaliyala, ndipo njira yonse ankaimitsa anthu kuwauza kuti dokotala wabwera, wabweranso ndi saladi katoni yathunthu. Tasila ankafuna kukamba zoona zake. Munthu ungayambire pati, ku mayeso kapena ku katoni? Anaganiza kuti akamba akasamba.

Ku Ndake, mwana akachokera ku tauni, katundu wake satsegulidwa mobisa. Amai ake, a Anastazia, anali atapirira zaka zambiri akuonetsedwa shuga ndi sopo wa ana a anzawo, ndiye tsiku lawo linali limeneli. Tasila atangolowa m'bafa, iwo anaitana azimayi oyandikana nawo, anayala mphasa pabwalo n'kudula zingwe zija ndi mpeni. Mayi wina anali atafika kale ndi kabotolo kopanda kanthu, kuti mwina angamugawireko. A Anastazia anapisa dzanja akumwetulira, n'kutulutsa chibade cha munthu, nachonso chikumwetulira.

Tasila anamva mfuu ali ndi sopo kumaso. Pomwe ankatuluka, pabwalo panali patatsala mapatapata okhaokha, kabotolo kaja, ndi amai ake atakhala miyendo tambalale, chibade chili pamiyendo chifukwa mphamvu yochitayira inawasowa.

Madzi akatayika saoleka. Anafotokoza zonse, za sapu zomwe, ndipo chodabwitsa n'chakuti za kulephera mayesozo palibe anazimva n'komwe. A Lazarous anangofunsa zinthu ziwiri, kuti munthuyu dzina lake ndani, ndipo anaikidwa liti. Atamva kuti dzina palibe ndipo manda sanawalowepo, anavula chipewa. Zinawapweteka kwambiri kuti iwo, mkulu wa mpingo, ayendetsa maliro pakaliyala akuimba mluzu, mpaka kuima nawo pagolosale kumwa maheu. Komanso anthu a kwawo ankawadziwa bwino. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukhala ukunena kuti nzeru za mwana wa a Miti n'zokhwimira, n'chifukwa chake masamu ankakhoza yekha. Wina anatchulapo zokauza apolisi ku Nyimba, koma a Lazarous anati kumeneko munthuyu akangomusintha katoni. Njira yotsuka dzina inali imodzi basi, maliro achikhristu, masanasana, aliyense akuona.

"Atate, mafupa aya ndiye sukulu yanga," anatero Tasila. "Mukawaika, mwaika na ine."

"Sukulu ni yako, mwana wanga, koma nyumba ni yanga," anayankha a Lazarous. "Mlendo akafela pakhomo pako sufunsa kuti anafa liti."

Tasila anaganiza zonyamula katoni yake n'kuthawa nayo, koma anachedwa. Uthenga unali utayenda kale, anthu anasiya thonje m'minda, ena mosangalala ndithu chifukwa kunkatentha, ndipo katoniyo inali italowa m'chipinda, yafunditsidwa nsalu yoyera, azimayi aizungulira.

A Lazarous anaimbira foni amai Joana, mkazi wa malemu mkulu wawo, amene ankakhala kufupi ndi Sasare m'boma la Petauke. Amai Joana anabwera ku Zambia ali mtsikana, kuthawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsala. Mayi ameneyu maliro ankawadziwa monga ena amadziwira mpira. Kunalibe maliro pakati pa Petauke ndi Nyimba amene ankayenda bwino iwo asanafike, ndipo ngakhale atayenda bwino, iwo ankapezapo cholakwika. M'mawa mwake anatsika minibasi ndi mpukutu wa zofunda, n'kuyamba kulira ali patali monga mwa mwambo. Atafika pakhomo analekeza kaye kuti afunse kuti watisiya ndani.

Apa ndi pomwe panagona vuto. Azimayi anali atadzaza m'nyumba, azibambo pansi pa mtengo wa mango, kwaya inalipo, adzukulu okumba manda anali atanola makasu, koma kulira kunkakanika. Munthu alire kuti amai ine, kapena atate ine? Ena anayesa kulira mosatchula, zikungomveka ngati akudwala dzino. Nayenso Peter, mmisiri wa mabokosi, anali chilili ndi tepi yake kufuna kudziwa kutalika kwa womwalirayo. Iye anati akhoza kungokhoma kabokosi kofanana ndi katoniyo, koma amai Joana anamuyang'ana mpaka anapepesa. Anamuuza kuti munthu wamkulu amagona chowongoka.

Kenako anagamula kuti mwini maliro ndi Tasila, poti ndiye anakhala ndi malemuyo masiku ake otsiriza. Anamumanga duku kumutu, anamukhazika pamphasa pafupi ndi katoni, n'kumuuza kuti amugoneke munthuyo bwinobwino, fupa lililonse pamalo pake, kenako anene ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Tasila anatambasula dzanja kuti atenge buku lake. Amai Joana analilanda n'kulikhalira.

"Pamalilo tiwelenga buku limodzi chabe," anatero, "ndipo si ili."

Tasila ankafuna kulira, ndipo akanalira anthu akanamuyamikira. Mantha anamugwira omwe aja a m'chipinda cha mayeso, kungoti kuno oyesa anali azimayi odzaza chipinda, ndipo panalibe amene ankafulumira kupita kulikonse. Anayamba ndi chibade poti icho sichisokoneza munthu. Mafupa a msana ndiwo anamuzunza. Anaika limodzi, linakana. Analitembenuza, linalowa mwa linzake ngati chivundikiro pa poto wake. Apo anazindikira kuti mafupa amakana okha ukawaika polakwika, chinthu chimene buku linali lisanamuuzepo.

Amai Joana sankalola fupa kutsika pamphasa asanamve ntchito yake, ndipo dzina lachilatini ankalikana. Tasila akati ili ndi sikapula, iwo ankati sanafunse dzina la ubatizo, afunsa kuti limachita chiyani. Ndiye ankawagwira paphewa, kuwauza kuti akweze mkono amve okha fupalo likuyenda pansi pa khungu. Mayi wina anafuna kudziwa chifukwa chake nthiti za m'munsi n'zazifupi. Wina anafunsa pomwe pamapweteka munthu akawerama tsiku lonse m'munda wa thonje, ndipo Tasila, pofuna kumuonetsa, anapeza kuti akudziwa. Posakhalitsa chipinda chonse chinali chikukweza mikono ndi kudzigwiragwira m'nthiti, moti azibambo osuzumira pazenera anaganiza kuti azimayi ayamba pemphero la mtundu watsopano.

Kenako zinadziwika kuti malemuyo ndi theka. Mafupa ophunzirira amakhala a mbali imodzi, mkono umodzi, mwendo umodzi, nthiti za kumanja zokha. Atafunsidwa kuti mbali inayo ili kuti, Tasila anati mwina ili ndi mwana wasukulu wina ku Ndola. Amai Joana anaganiza pang'ono n'kunena kuti zolumikiza n'za Mulungu pa tsiku lomaliza, iwo aika zimene alandira.

Fupa la m'chiuno analisiyira kumapeto. Analigwira nthawi yaitali, anatsinzina osadziwa kuti watsinzina, chala chachikulu chikuyenda mumpata wa kumbuyo kwake. Mpatawo unali wotakasuka. Anabwerera ku chibade n'kupeza mphumi yosalala ndi nsagwada yaing'ono. Mawu anatuluka okha kuti ndi mzimayi, wamkulu ndithu, wamfupi. Sanamalize n'komwe. Kulira kumene kunatsekeredwa kuyambira m'mawa kunaphulika, amai ine, amai ine, mpaka agalu a kutsidya anayankha. Peter anayeza pamphasa n'kupita kukakhoma.

Komatu Tasila sanali wopusa. Pomwe azimayi ankapukuta misozi, iye anasolola fupa la mkono, la mtundu womwe uja unamugwetsa, n'kulibisa m'chitenje chake m'chiuno. Anati ena onsewo apite, koma ili likhala mpaka sapu ithe. Anakokera nsalu yoyera pamphasa ndipo palibe anaona. Fupalo linkamubaya m'nthiti akangowerama, choncho ankayenda chowongoka, ankakhala chowongoka, anthu n'kumanong'onezana kuti taonani mwana wophunzira, ngakhale chisoni amachinyamula mwaulemu.

Pa tsiku loika kunabwera chinamtindi cha anthu, ena ochokera ku Nyimba kwenikweniko, chifukwa aliyense ankafuna kudzaona nkhope. Anadutsa pa mzera mwakachetechete. Bambo wina wachikulire anaima nthawi yaitali pabokosi, n'kunena kuti nkhope imeneyi anaionapo penapake. Mzera utatha, a Lazarous analengeza kuti yafika nthawi ya mbiri ya womwalira. Ku Ndake munthu saikidwa mbiri yake isananenedwe, kuti anabadwira kuti, anakwatiwa kwa yani, wasiya ana angati. Onse anatembenukira kwa mwini maliro.

Tasila anaimirira. Analibe tsiku lobadwa, analibe mudzi, analibe kanthu. Anayang'ana m'bokosi n'kuyamba ndi zimene manja ake anapeza dzulo lake. Anati amaiwa anasenza katundu pamutu moyo wawo wonse, chifukwa mafupa a m'khosi anatha m'mbali n'kumera timilomo. Anati mano a kumbuyo anaguluka iwo akadali moyo ndipo nsagwada inapola, choncho zaka zawo zomaliza ankatafunira kutsogolo. Anati anathyokapo mkono pafupi ndi dzanja, ndipo fupa linalumikizana mokhota, kusonyeza kuti kuchipatala sanapiteko, anangomanga ndi nsalu n'kubwerera ku ntchito. Anthu anayamba kuvomereza, ee, ee, monga amachitira mlaliki akagunda pabwino. Tasila anayamba kutenthedwa. Anati anali munthu wa khasu, munthu wa mtondo ndi munsi, ndipo umboni ulipo, chifukwa pomwe mnofu wa paphewa umagwira fupa pamakhala pokhakhala, ndipo pawo panali pokhakhala koopsa, taonani. Anapisa dzanja m'chitenje, anatulutsa fupa lija n'kulikweza m'mwamba pamaso pa mpingo wonse.

Anazindikira mochedwa. Kwaya inayang'ana pansi. A Lazarous anatsinzina ngati akupemphera, ndipo mwina ankapempheradi. Tasila anayembekezera kuti amai Joana amukalipira mpaka a ku Petauke amve.

Koma amai Joana sankamuyang'ana n'komwe. Ankalira, osati kulira kwawo kwa ntchito kuja, kokhala ndi poyambira ndi pothera, koma kwina kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. A Anastazia anawagwira. Patapita kanthawi amai Joana anakamba motsitsa, moti a kutsogolo okha ndi amene anamva. Anati pothawa nkhondo amai awo anasenza mtolo pamutu mpaka anagwa m'tchire, malire asanafike. Anawatsamiritsa pamtengo, anawafunditsa chitenje n'kupitirira, chifukwa mfuti zinali kumbuyo. Panalibe khasu, panalibe nyimbo.

"Si iwo awa, nidziwa," anatero. "Amai anga anali atali. Koma nilekeni niike, mwana wanga. Awa alibe mwini, na ine nilibe manda."

Tasila anayang'ana fupa lili m'manja mwake. Chisoni chinamugwira, ndi manyazi omwe. Mantha a sapu sanachoke ayi, anangosendera pang'ono. Anagwada n'kubweza fupalo pakati pa phewa ndi chigongono, mutu wake kumwamba, moyang'ana mkati, osafunsa munthu kapena buku. Peter anakhoma misomali. Pamtanda analembapo kuti Amai, basi, poti zina panalibe.

Masiku otsalawo Tasila anawerenga wopanda fupa ndi limodzi lomwe. Buku lija amai Joana anamubwezera lili lophwatalala pang'ono, koma tsopano ankalitsegula pomaliza, kuti aone ngati wanama. Poyamba ankagwira munthu. Azimayi a pa maliro aja anazolowera, ankabwera okha masana ndi mapewa awo ndi mawondo awo kudzafunsa kuti apa pali chiyani, ndipo akayankha mwachilatini ankamubweza. A Lazarous anajambulidwa mitsempha ndi makala kuchokera m'khosi mpaka m'zala, n'kupita nayo ku msonkhano wa akulu a mpingo atavala malaya a manja aatali. Jerry atamva pafoni kuti mafupa aja anaikidwa m'manda, kwaya ikuimba, anangofunsa ngati anthu anabwera ambiri.

Pa tsiku la sapu, mphunzitsi wa imvi uja anatsegula kabati yaitali yodzaza mafupa n'kusankhamo limodzi. Tasila analilandira ndi manja awiri atapinda bondo pang'ono. Anayendetsa chala kuchokera kumwamba mpaka kumunsi, n'kunena kuti ndi la ntchafu, la kumanzere. Anatchula timitunda ndi timaenje take m'Chilatini, minofu yogwirapo, mtsempha wodutsa kumbuyo kwake, ndi chimene chimachitika likathyokera pakhosi pake. Kenako anawonjezera, osafunsidwa, kuti awa anali abambo aatali ndipo bondo linkawavuta. Mphunzitsiyo anavula magalasi n'kumufunsa kuti zimenezi wakaphunzira kuti. Tasila anati pamaliro. Mphunzitsiyo anavalanso magalasi, ndipo sanafunsenso china.

Zotsatira zitatuluka, dzina lake lili pakati pa okhoza, anaimbira kwawo ali pakhonde la sukulu. Anamva nthungululu za amai ake chapatali ndi nkhuku zikubalalika. A Lazarous anadikira kuti phokoso lithe, anathokoza Mulungu mwachidule, kenako anatsokomola monga amachitira akafuna kulowa m'nkhani yeniyeni. Anati amai Joana ali pompo, abwera kudzalambula pamanda, ndipo ali ndi funso.

"Akuti kusukulu kwanu uko atsala angati?" anatero. "Adzukulu akamba kuti ngati aliko ena, ubwele nao pamodzi pa holide. Kukumba mmodzimmodzi kutopetsa."

Tasila anaseka mpaka anagwira chipupa. Kenako anasuzumira pazenera la chipinda cha anatome, pomwe kabati ija inali chitsegukire, mashelefu ake odzaza mpaka kudenga, ndipo kuseka kunamuthera.

"Ni ambili, atate," anatero. "Auzeni kuti ni ambili."